Mayina Awiri a Davidson Abioseh Nicol

M'chaka cha 1960 magazini ya akatswiri a sayansi yotchedwa Nature, yomwe imatuluka ku London, idasindikiza nkhani yaifupi yofotokoza kapangidwe ka insulini ya m'thupi la munthu. Eni nkhaniyo adali awiri, D. S. H. W. Nicol ndi L. F. Smith, ndipo kafukufuku wake adachitikira ku Cambridge. Patatha zaka zisanu, a Oxford University Press adatulutsa kabuku ka nkhani zopeka kotchedwa The Truly Married Woman and Other Stories, ndipo pachikuto pake padali dzina la Abioseh Nicol. Wosamala nyumba ya mabuku amene sadziwa mbiri ya munthuyu akhoza kuika zolemba ziwirizi m'zipinda zotalikirana, china kwa madokotala, china kwa ophunzira luso la zolembalemba, osazindikira kuti dzanja lomwe lidalemba zonsezi ndi limodzi. Mwini wakeyo naye sadavutike kumuwongolera wosamala mabukuyo. Polemba za sayansi, za maphunziro ndi za boma ankasaina kuti Davidson, koma polemba ndakatulo ndi nkhani zopeka ankasaina kuti Abioseh.

Akale adati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu akamva za dokotala wofufuza za matenda yemwenso amapeka nkhani, mwambi umenewu ndiwo umayamba kufika m'maganizo, ndipo kawirikawiri umalasa: mwina udokotala umakhala wongodyera, kapena zolembazo zimakhala zongotayitsa nthawi madzulo. Kwa a Nicol sizidatero. Mapanga awiri oyambawo, labotale ndi cholembera, adali ndi khomo limodzi, ndipo chomwe adaphunzira m'phanga lina chidawathandiza m'linzake. Mvula idawapeza panjira yopita kuphanga lachitatu, lomwe dziko lawo lidawaitanira.

A Davidson Sylvester Hector Willoughby Nicol adabadwa pa 14 Sepitembala 1924 m'dziko la Sierra Leone, m'banja la mtundu wa Akrio. Akrio ndi zidzukulu za anthu omwe adasonkhanitsidwa ku Freetown kuchokera kumbali zosiyanasiyana: akapolo omasulidwa omwe adachokera ku Nova Scotia mu 1792, Amaroon ochokera ku Jamaica omwe adafika mu 1800, ndi zikwizikwi za anthu omwe asilikali a pamadzi a ku Britain ankawalanditsa m'zombo za ogulitsa akapolo kuyambira mu 1808. Ambiri mwa omalizawa adali Ayoruba. N'chifukwa chake mwana wa Chikrio ankatha kukhala ndi mayina a Chingerezi ondondozana ngati a mwana wa bwanamkubwa, kwinaku ali ndi dzina la Chiyoruba lomuitanira pakhomo. Dzina loti Abioseh m'Chiyoruba limapatsidwa kwa mwana wobadwa pa tsiku lopembedza, ndipo wowerengera masiku adzapeza kuti 14 Sepitembala 1924 lidalidi Lamulungu. Choncho dzinali silidali lodzipangira pofuna kubisala monga amachitira alembi ena. Lidali dzina la kunyumba, ndipo nkhani zomwe zidatuluka pansi pa dzinali ndi za kunyumbanso: za makalaliki a boma, ana a sukulu, amayi amasiye ndi akazi a pamsika.

Za maphunziro awo zikhoza kunenedwa mwachidule, ngakhale kuti sizidali zachidule kwa mwini wake. Gawo lina la ubwana wawo adalithera ku Nigeria, kenaka adaphunzira pa Prince of Wales School ku Freetown, sukulu yomwe idatchuka pophunzitsa sayansi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati adapita ku Christ's College ku Cambridge, komwe adakhoza maphunziro a sayansi ya zachilengedwe m'gulu loyamba. Udokotala adauphunzira ku London Hospital. Adakaphunzitsako pa sukulu ya madokotala ya ku Ibadan, n'kubwereranso ku Cambridge kukachita kafukufuku. Mu 1957 adasankhidwa kukhala mmodzi mwa aphunzitsi eni ake a Christ's College, udindo womwe kumeneko amautcha Fellow, ndipo adali munthu wakuda woyamba wa ku Africa kulandira udindo wotere ku Cambridge. Digiri ya PhD adailandira mu 1958. Pa nthawi yonseyi ankalembanso, moti mu 1952, ali pakati pa mabuku a zachipatala, adapata mphotho ya Margaret Wrong yomwe inkaperekedwa kwa alembi a mu Africa.

Pali kanthu kena koseketsa pang'ono pa mbiri ya koleji imeneyi. Mmodzi mwa omwe adakhalapo Fellow wa Christ's College a Nicol asadafike pa udindowu adali a C. P. Snow, katswiri wa sayansi yemwe adasanduka mlembi wa mabuku a nthano. Mu 1959 a Snow adakamba nkhani yotchuka ku Cambridge komweko yodandaula kuti ophunzira a ku Ulaya agawika pawiri, a sayansi uku, a zolembalemba uku, ndipo pakati pawo pali phompho. Mkangano womwe udabuka pa nkhaniyi udatenga zaka. Pamene akuluakuluwo ankayeza kuya kwa phompholo, mnyamata wa ku Freetown wa koleji yomweyo adali akuoloka m'mawa ndi madzulo osaimba lipenga.

Kuti ntchito yawo ya sayansi imveke, nkoyenera kufotokoza za insulini. Ichi ndi chinthu chomwe kapamba amatulutsa kuti shuga wa m'magazi alowe m'minofu ndi kugwira ntchito. Chikasowa, kapena thupi likaleka kuchimvera, munthu amadwala matenda a shuga. Akatswiri a ku Toronto, a Banting, a Best, a Macleod ndi a Collip, adakwanitsa kuitulutsa mu kapamba wa nyama m'zaka za 1921 ndi 1922, ndipo kuyambira pamenepo odwala ankabayidwa insulini ya ng'ombe kapena ya nkhumba. Idapulumutsa miyoyo yosawerengeka, komabe kwa zaka makumi atatu padalibe yemwe ankadziwa bwinobwino mmene chinthuchi chidalukidwira. Adamasula mfundoyi ndi a Frederick Sanger a ku Cambridge, omwe pofika mu 1955 adali atasonyeza kuti insulini ya ng'ombe ili ngati mkanda wa zingwe ziwiri zolumikizana, china cha timikanda 21, china cha timikanda 30. Timikanda timeneti, totchedwa amino acid, tilipo ta mitundu 20, ndipo kalikonse kali ndi malo ake pa chingwe. Iyi idali puloteni yoyamba kuwerengedwa motere kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo a Sanger adalandira nayo mphotho ya Nobel mu 1958.

Njira yowerengera timikandato idali yofuna mtima wa mlimi wa mawere. Popeza palibe diso kapena galasi lomwe likadaona chingwecho, ofufuza ankachidula ndi asidi kapena ndi timadzi togaya chakudya kuti chikhale tizidutswa. Tizidutswato ankatiyendetsa pa pepala lonyowa, nthawi zina pogwiritsa ntchito magetsi, kuti tipatukane malinga ndi chibadwa chake, kenaka ankafufuza kadutswa kalikonse payekha. Pomaliza ankalumikiza zonse m'maganizo, poona pomwe mchira wa kadutswa aka ukufanana ndi mutu wa kadutswa ako, monga munthu wobwezeretsa kalata yong'ambika. Kulakwa kamkanda kamodzi kudali kulakwa zonse.

A Nicol ndi a Smith adatenga njira imeneyi n'kuigwiritsa pa insulini ya munthu. Vuto loyamba lidali kuipeza, pakuti kapamba wa ng'ombe amapezeka wambiri kophera nyama pomwe wa munthu sapezeka chomwecho. Zomwe adapeza ndi zodabwitsa chifukwa cha kuchepa kwake. Pa timikanda 51, insulini ya munthu imasiyana ndi ya nkhumba pa kamkanda kamodzi kokha, komaliza pa chingwe chachitali, pomwe munthu ali ndi threonine ndipo nkhumba ili ndi alanine. Ndi ya ng'ombe imasiyana pa timikanda titatu. Kusiyana kochepaku kumathandiza kufotokoza chifukwa chomwe insulini ya nyama idagwirira ntchito mwa anthu kwa zaka zonsezo, komanso chifukwa chomwe matupi a odwala ena ankalimbana nayo ngati mlendo. Patapita zaka pafupifupi 20, pamene akatswiri adayamba kupanga insulini ya munthu, ena posintha kamkanda kamodzi kaja pa insulini ya nkhumba, ena pophunzitsa tizilombo tosaoneka ndi maso kuti tiziipanga, adayenera kudziwa ndondomeko yeniyeni ya timikandato. Insulini yopangidwa ndi tizilombo idaloledwa kubayidwa kwa odwala mu 1982.

Apa pafunika kuchenjera ndi chikondi chopitirira muyeso. Mbiri zina zazifupi, pofuna kukweza mwana wa Africa, zimalemba ngati kuti a Nicol ndiwo adatulukira mankhwala a matenda a shuga. Sichoncho, ndipo munthu yemwe adathera zaka akuwerenga timikanda sangalemekezedwe ndi chiwerengero chokokomeza. Njira idali ya a Sanger, ntchito idali ya anthu awiri, ndipo chomwe chidapezeka chidali njerwa imodzi pa khoma lomangidwa ndi anthu ambiri. Koma idali njerwa yoongoka, yoti omanga a pambuyo adaikapo zawo osaigwetsa. Pa sayansi, ulemu woposa umenewu ndi wosowa.

Tsono wowerenga akatsegula nkhani za Abioseh ali ndi kamkanda kamodzi kaja m'maganizo, amaona kuti mlembiyu adali ndi chizolowezi chomwecho: kuyala moyo wa anthu wamba mwandondomeko, tsiku ndi tsiku, mpaka pataoneka kanthu kamodzi kosiyana komwe kakusenza nkhani yonse. M'nkhani yomwe idapatsa bukulo dzina, Ajayi ndi kalaliki wa boma yemwe wakhala ndi Ayo zaka 12 osamanga naye ukwati, ndipo abereka ana. M'mawa uliwonse Ayo amadzuka n'kumubweretsera tiyi. Mlembi akufotokoza tiyiyo, ulendo wa ku ofesi, kukwapulidwa kwa mwana wokodza pogona, zonse mosafulumira. Tsiku lina kukubwera amishonale achizungu ochokera ku America, ndipo Ayo, m'kanthawi kochepa, akukonza nyumba, kuchotsa zithunzi zosayenera pakhoma ndi kuvala mphete yobwereka, kuti alendowo aone banja lolongosoka. Ajayi akuchita chidwi ndi nzeru za mkaziyu ndipo akuganiza zomukwatira mwalamulo. Mwambo wa chinkhoswe ukuchitika, ukwati wa kutchalitchi ukuchitika, ngongole ikulowa m'nyumba. M'mawa wotsatira tiyi sakubwera. Ayo ali chigonere, ndipo akuuza mwamuna wake mwaulemu kuti adzuke akadzipangire yekha, popeza tsopano iye ndi mkazi wa ukwati weniweni woyenera kupatsidwa ulemu.

Nkhani yonseyo yatsamira pa kapu imodzi ya tiyi. Nyumba ndi yomweyo, anthu ndi omwewo, ana ndi omwewo, chasintha ndi chimodzi. Ena adaiwerenga ngati nthabwala yonyoza akazi omwe amasintha akalowa m'banja, koma kumeneko ndi kuwerenga mothamanga. Kwa zaka 12 Ayo adalibe chomuteteza m'nyumbamo kupatula ntchito za manja ake, ndipo tiyi wa m'mawa adali ngati msonkho wa malo. Wapeza malo ake mwalamulo, msonkho watha. Mlembi sakunena zimenezi paliponse. Wangoika kapu pomwe inkakhala, kenaka waichotsapo.

Nkhani ina, As the Night the Day, ikuchitikira m'labotale ya sukulu ya sekondale, malo omwe mlembiyu ankawadziwa ngati chikhatho chake. Anyamata awiri, Kojo ndi Bandele, akusewera ndi choyezera kutentha, ndipo chikuphulika atachiika pa lawi la gasi lomwe kutentha kwake kudaposa muyeso wake. Akubisa. Kalasi yonse ikulangidwa. Pofuna kupeza wolakwa, ana omwe angophunzira kumene za kuyeza ndi kutsimikiza akuyesa ngakhale ula wa Baibulo ndi kiyi, ndipo mlandu ukugwera Basu, mnyamata yemwe anzake samuwerengera ngati mmodzi wa iwo. Akumuzunza, ndipo Kojo, yemwe akudziwa zoona, akuponya nawo dzanja. Chikumbumtima chitamusowetsa tulo, Kojo akupita kukaulula. Akuluakulu sakumukhulupirira, chifukwa Basu wavomera kale mlandu womwe sadapalamule. Mutu wa nkhaniyi udatengedwa m'sewero la Hamlet, pa malangizo a bambo kwa mwana wake onena za kukhala woona, ndipo mlembi akuugwiritsa ntchito mopweteka: mwana wanena zoona, koma zoona zake zafika mochedwa, malo atatengedwa kale ndi bodza looneka bwino. Munthu wa kafukufuku amadziwa mantha amenewa kuposa wina aliyense. Chomwe chalembedwa kale m'kaundula ndi chovuta kuchifufuta, ngakhale wobwera ndi umboni atakhala mwini mlandu.

Koma nkhani yomwe ikuonetsa bwino udokotala wa mlembiyu ndi yomwe mulibe dokotala ngakhale mmodzi, Life Is Sweet at Kumansenu. Bola ndi mayi wamasiye wa m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja. Adabereka ana asanu ndi mmodzi, onse n'kumwalira ali aang'ono. Musa, sing'anga wa m'mudzimo, adamuuza kuti si ana osiyana ayi, koma ndi mzimu umodzi womwe ukungobwerabwera kudzamuzunza, ndipo adamulangiza kuti athyole mafupa a mtembo wa mwana womaliza kuti mzimuwo usadzabwerenso. Bola adakana. Iye mwini adangouika mtembowo chizindikiro pathako. Mwana wotsatira, Meji, adabadwa ndi chizindikiro pamalo omwewo, koma iyeyu adakhala moyo, adakula, adaphunzira, n'kukhala kalaliki wa boma kutauni, ndipo mwana wake wamkazi, Asi, akukhala ndi agogo akewo kumudzi.

Tsiku lina Lachisanu Meji akutulukira m'nyumba ya amayi ake mosayembekezeka, atamanga kansalu kofiira m'khosi, ndipo akupempha kuti asauze anthu za kubwera kwake. Akuyenda ndi Asi, ndipo mwanayo, monga achitira ana, akufunsa zomwe akulu sakuziona: chifukwa chiyani bambo alibe chithunzithunzi, chifukwa chiyani wotchi yawo yaima pa 12 koloko. Akupita ndi amayi ake kumanda a bambo ake. Kenaka akuchoka usiku. Pambuyo pake uthenga ukufika, ndipo mkazi wa Meji akulongosola kuti mwamuna wake adamwalira Lachisanu lomwelo masana, zenera la ku ofesi litamugwera pakhosi. Anthu a m'mudzi akuti Bola wasokonezeka ndi chisoni. Musa akuti akadamvera malangizo aja sakadaona zoterezi. Bola yekha ndiye ali ndi mtendere: sakudandaula kuti adakana kuthyola mafupa, chifukwa kukana kwakeko ndiko kudapatsa mwanayo mpata wokhala ndi moyo, ndipo mwanayo adabwera kudzathokoza.

Chikhulupiriro cha mwana wobwerabwera ndi chodziwika ku West Africa. Ayoruba amamutcha abiku, Aigbo amati ogbanje. A Chinua Achebe adachiika mu Things Fall Apart mu 1958, a Wole Soyinka ndi a J. P. Clark aliyense adalemba ndakatulo pa mutuwu, ndipo a Ben Okri adamangapo buku lonse la The Famished Road mu 1991. Kusiyana kwa a Nicol ndi alembi enawa n'kwakuti iwo adali dokotala wofufuza zoyambitsa matenda ndi imfa, ndipo kuyambira mu 1958 adagwira ntchito imeneyi m'boma la Sierra Leone. Ankadziwa mayina a zinthu zomwe zimapha makanda motsatizana m'nyumba imodzi: malungo, kafumbata wolowera pamchombo, kutsegula m'mimba, ndi matenda a magazi a sickle cell omwe amayenda m'mtundu, omwenso akatswiri ena pambuyo pake adawaganizira kuti ndiwo gwero lina la chikhulupirirochi. Mlembi wa maphunziro otere, m'zaka zomwe aliyense wophunzira ankafuna kuonetsa kuti wasiyana ndi za kumudzi, akadatha kulowetsa m'nkhaniyi namwino kapena mphunzitsi woti awongole maganizo a Bola. Sadatero. Adalemba zizindikiro zonse mosamala monga dokotala alembera za wodwala, khosi, wotchi, chithunzithunzi, nthawi ya imfa, koma dzina la matenda sadalitchule. Adazindikira kuti funso la Bola silidali lakuti ana ake adafa ndi chiyani. Lidali lakuti kodi kuvutika kwake konse kudali ndi phindu, ndipo funso limenelo labotale siyankha.

Kudziletsa kotereku ndiko mphamvu ya zolemba zawo, komanso ndiko malire ake. Nkhani za Abioseh ndi zofatsa. Utsamunda ulimo, makamaka m'nkhani monga The Devil at Yolahun Bridge ndi The Leopard Hunt zomwe zidatulukanso m'kabuku ka Two African Tales mu 1965, momwe Azungu a boma ndi Aafrika ophunzira akuyesana nzeru mwaulemu wobisa minga. Koma mkwiyo mulibe, ndipo wowerenga wozolowera moto wa a Ngugi wa Thiong'o kapena a Alex La Guma akhoza kuona ngati mlembiyu adavala jekete ngakhale polemba. Pali chifukwa china chomwe nkhanizi zimamvekera zaulemu chomwechi, ndicho chiyankhulo. Ajayi, Ayo ndi anyamata a m'labotale aja, akadakhala anthu enieni a ku Freetown, akadakangana ndi kuseka m'Chikrio, chiyankhulo chomwe mawu ake ambiri adachokera ku Chingerezi koma kamangidwe kake ndi kamvekedwe kake n'ka ku West Africa. A Nicol adawayankhulitsa Chingerezi chosalala. Sikuti Chikrio sichinkalembedwa: a Thomas Decker adamasulira sewero la Julius Caesar m'Chikrio mu 1964, ndipo a Clifford Fyle ndi a Eldred Jones adatulutsa mtanthauziramawu wa Chikrio ndi Chingerezi mu 1980. Munthu yemwe adatha kuona kusiyana kwa kamkanda kamodzi pa 51 sakadalephera kumva kusiyana kwa mawu a Ayo pamsika ndi mawu ake pamaso pa amishonale. Adasankha owerenga a ku London ndi a m'masukulu, ndipo mchere wina udatsalira m'mbale.

Chodandaulitsa chachikulu, komabe, si mtundu wa nkhanizi koma kuchepa kwake. Mabuku awiri a nkhani zopeka adatuluka chaka chimodzi, 1965, mlembi ali ndi zaka 41, ndipo lachitatu silidabwere, ngakhale adakhala ndi moyo zaka zina 29. Ku labotale nako kudachitika chimodzimodzi. Chaka chomwe nkhani ya insulini idatuluka mu Nature ndi chomwenso a Nicol adasankhidwa kukhala mkulu wa Fourah Bay College, woyamba wa m'dziko la Sierra Leone pa udindowu. Koleji imeneyi idakhazikitsidwa ndi amishonale a Church Missionary Society mu 1827, wophunzira wake woyamba adali a Samuel Ajayi Crowther, ndipo idaphunzitsa atsogoleri a West Africa kwa zaka zoposa zana, koma mpaka nthawiyo idali isadatsogoleredwe ndi mwana wa dzikolo. Ufulu wodzilamulira udali pakhomo, udafika pa 27 Epulo 1961. Munthu wa zaka 36 wokhala ndi mbiri ngati yawo sakadakana, ndipo ndi wouma mtima yekha yemwe angati adayenera kukana.

Kuchokera pamenepo maudindo adangotsatizana ngati ngolo za sitima. Adakhala mkulu woyendetsa University of Sierra Leone pamene idakhazikitsidwa. Mu 1969 adapita ku New York kukakhala kazembe wa dziko lawo ku bungwe la United Nations, ndipo mu Sepitembala 1970 adatsogolera zokambirana za nthambi ya chitetezo ya bungweli. Adakhalako kazembe ku London kuyambira mu 1971, kenaka kuyambira 1972 mpaka 1982 adatsogolera UNITAR, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi kafukufuku. Ntchito zonsezi zidali zaulemu ndipo adazigwira bwino. Adalembanso zambiri, koma zidali za mtundu wina: nkhani zokamba pamisonkhano, malipoti, ndi mabuku a za ubale wa mayiko.

Izi sizidachitikire a Nicol okha. Mayiko omwe adalandira ufulu m'zaka za m'ma 1960 adapeza kuti atsamunda adawasiyira anthu ophunzira owerengeka pa zala, ndipo munthu mmodzi ankayenera kukhala mphunzitsi, kazembe, mlangizi wa boma ndi wapampando wa makomiti khumi. Nduna yaikulu yoyamba ya Sierra Leone, a Milton Margai, nawonso adali dokotala. Kuti katswiri apitirize kafukufuku wa mtundu wa a Sanger pamafunika zipangizo, ndalama, anzake ofufuza nawo, ndi zaka zambiri zopanda womusokoneza. A Sanger adazipeza zonsezi, adakhala pa benchi yawo ku Cambridge mpaka kupuma ntchito, ndipo mu 1980 adalandira mphotho ya Nobel yachiwiri. Sikuti a Nicol akadakhala Sanger wachiwiri, zimenezo palibe angazilumbirire. Koma mwayi wodziwa pomwe akadafika sudaperekedwe, ndipo yemwe adaulanda si mdani koma dziko lawo lomwe, pa zifukwa zomveka.

Zikuoneka kuti nkhani ya munthu wa sayansi wokokedwa ndi zosowa za mtundu wake idawakhala pamtima. Mu 1969 adasonkhanitsa ndi kusindikiza zolemba za a James Africanus Horton, Mkrio mnzawo yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 1835 mpaka 1883. A Horton adaphunzira udokotala ku London ndi ku Edinburgh, adagwira ntchito m'gulu la asilikali a Britain ku West Africa, adalemba za matenda a m'mayiko otentha, ndipo mu 1868 adatulutsa buku la West African Countries and Peoples lotsutsa akatswiri a ku Ulaya omwe ankati munthu wakuda ndi wochepa nzeru mwachibadwa, n'kunenetsa kuti Aafrika akhoza kudzilamulira. Freetown idabala madokotala olemba angapo: a Sarif Easmon adalemba masewero ndi buku la The Burnt-Out Marriage, ndipo a Lenrie Peters, dokotala wa opaleshoni wobadwira ku Gambia yemwe adaphunzira pa Prince of Wales School yomwe ija, adatulutsa The Second Round mu 1965. Koma pofunafuna kholo, a Nicol adasankha a Horton, munthu yemwe adayamba ndi kuyeza malungo n'kutsirizira pa kulemba za malamulo oyendetsera mayiko.

Atapuma ku United Nations adabwerera ku Cambridge, komwe ankaphunzitsa za ubale wa mayiko, osati za mapuloteni. Sayansi yomwe adaisiya mu 1960 idali itathamanga kutali, moti ntchito yomwe kale inkadya zaka tsopano makina ankaigwira m'masiku owerengeka. Kwawo ku Sierra Leone nkhondo yapachiweniweni idabuka mu 1991. A Nicol adamwalirira ku Cambridge pa 20 Sepitembala 1994, patangotha masiku asanu ndi limodzi atakwanitsa zaka 70, nkhondoyo isadathe. Chaka chimenecho odwala matenda a shuga m'mayiko ambiri adali akubayidwa kale insulini ya timikanda 51 tondondozana monga momwe nkhani ya mu Nature ija idanenera, ndipo m'mabuku ophunzirira a ana a sekondale a mayiko akutali, Asi adali akufunsabe bambo ake chifukwa chomwe wotchi yawo idaimira pa 12 koloko.